Anyamata a mashopu a magemu akugulitsidwa makompyuta olakwika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono koma ikudya ndalama za achinyamata ambiri m'matauni mwathumu. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo masiku ano pashopu panga pakumabwera anyamata ofuna kutsegula malo a magemu, aja ana amalipira kangachepe nkusewera. Ambiri amayamba ndi PlayStation ya mpira, koma alipo ena amene mtima wawo uli pa magemu akale aja a arcade, a m'mabokosi ataliatali okhala ndi ndodo ndi mabatani, monga Street Fighter II, Metal Slug, King of Fighters, Mortal Kombat, Tekken 3 ndi Pac-Man. Makina enieni a magemu amenewa kuwapeza nkovuta, nde chimene anthu akupanga nkutenga kompyuta, kuikamo pulogalamu yotchedwa emuleta, kalipentala nkukhoma bokosi, basi geni yayambika. Maganizo ake ndi abwino kwambiri ndipo ine ndimawalimbikitsa. Chimene chikundidandaulitsa ndi kompyuta imene akumagula, chifukwa nthawi zambiri si yoyenera ntchitoyo, ndipo ogulitsawo kaya sadziwa kaya akudziwa koma akungofuna katundu atuluke, amawalozera zinthu zosathandiza. Munthu watenga ngongole ku banki m'khonde, wagula chimakina chodula chowala magetsi ofiira ndi obiriwira, kufika nacho kunyumba gemu ikudodoma, mawu akudukaduka, ana asewera kamodzi osabweranso, ngongole ija ikudikira.

Funso limene amandifunsa pafupifupi onse ndi limodzi, amati bwanji kompyuta ya masiku ano ikulephera gemu ya m'ma 1990, chikhalirecho ikutha kuonetsa mafilimu pa YouTube bwinobwino. Funsoli nlomveka. Pac-Man inatuluka mu 1980 ndipo purosesa yake, imene ili ngati ubongo wa makina, inali Z80 yothamanga ma MHz atatu okha. Street Fighter II ya kampani ya Capcom inatuluka mu 1991 pa bolodi yotchedwa CPS-1, mkati mwake muli Motorola 68000 ya 10 MHz, pambali pake Z80 ina yoyang'anira mawu ndi chip ya Yamaha yoimba nyimbo. Neo Geo ya SNK, imene inayamba mu 1990 ndipo ndi yomwe ili ndi Metal Slug ndi King of Fighters, nayonso ndi 68000 yomweyo koma ya 12 MHz. Nde munthu akaona kuti laputopu yake yalembedwa 2 GHz, kutanthauza 2000 MHz, amati apa ndiye palibenso nkhani. Koma gemu ija sinalembedwere kompyuta yanuyo, inalembedwera ma chip akewo, ndipo emuleta ntchito yake nkunamizira kuti iyo ndi ma chip onse aja nthawi imodzi. Lamulo lililonse limene gemu ikupereka, emuleta ilimve, ilimasulire m'chiyankhulo cha purosesa yanu, kenako ionetsetse kuti chip ya mawu, chip ya zithunzi ndi purosesa yaikulu zonse zikuyendera limodzi osapitirirana ngakhale pang'ono. Lamulo limodzi la gemu limatha kudya malamulo ambirimbiri a kompyuta yanu.

Zili ngati kutchalitchi kukabwera mlaliki wachizungu nkukhala ndi womasulira. Womasulirayo akakhala wochedwa ulaliki wonse umachedwa, ndipo simungathandize poimika omasulira 8 kutsogolo, chifukwa mawu amabwera motsatana, achiwiri sangamasuliridwe oyamba asananenedwe. Chofunika ndi womasulira mmodzi wachangu. Mu kompyuta omasulira amenewa ndi ma core, ndipo apa ndi pamene anthu akupusitsidwira kwambiri. Ogulitsa amati iyi ili ndi ma core 8, ndi chilombo. Koma emuleta yotchuka kwambiri ya magemu a arcade, MAME, ntchito yake yaikulu imaigwirira pa core imodzi. Ma core enawo amathandizako apo ndi apo, makamaka pojambula zithunzi za magemu ena a 3D, koma katundu wolemera amasenza ndi core imodzi basi. Ikakhala yofooka, enawo amangokhala akuonerera gemu ikukwawa.

MAME anaiyamba ndi munthu wa ku Italy, Nicola Salmoria, mu 1997, ndipo cholinga cha anthu amene amaikonza mpaka lero nkusunga makina akalewa kuti asazimiririke ma bolodi ake akadzatha kuwonongeka. Chifukwa cha cholinga chimenechi iwo amaika patsogolo kulondola osati liwiro. Akapeza kuti chip ina imagwira ntchito mosiyana ndi mmene ankaganizira, amakonza ngakhale zitapangitsa kuti gemuyo izifuna kompyuta yamphamvu kuposa kale. Nchifukwa chake gemu imene inkayenda bwino pa MAME ya zaka 15 zapitazo imatha kulemera pa MAME yatsopano pa kompyuta yomweyomweyo, ndipo munthu amaganiza kuti makina ake adwala pamene ali bwinobwino. Chinanso chimene ogulitsa sanena, MAME zithunzi za gemu imazipanga ndi purosesa, ngakhale za 3D zomwe. Graphics card ntchito yake apa nkungotenga chithunzi chimene chatha kale nkuchitambasula pa sikirini. Nde mnyamata amene wathira theka la ndalama zake pa graphics card yaikulu ya mafani awiri nkutsala ndi purosesa yofooka, pa MAME sanapindule kanthu, wangoonjezera chinthu chodya magetsi ndi chotenthetsa bokosi.

Tsono kusankha purosesayo nakonso kuli ndi misampha yake. Woyamba ndi manambala a GHz. Amene anagwirako makompyuta kalekale akukumbukira Pentium 4 ya 3 GHz, mu 2006 kunabwera Core 2 Duo yolembedwa manambala ochepa, ena 2.4 GHz, koma inkaisiya Pentium 4 ija kutali chifukwa pa kugunda kulikonse inkagwira ntchito yambiri. AMD FX-8350 ya mu 2012 ili ndi ma core 8 ndi 4 GHz, pa pepala ndi yoopsa, koma pa ntchito ya core imodzi imagonja kwa Core i5 ya nthawi yomweyo ya ma core 4 okha. Msampha wachiwiri ndi kasitika kaja ka i7. Anthu akangoona i7 amati ndapeza, osafunsa kuti ndi ya chaka chanji. Dzina la i3, i5 ndi i7 lakhala likugwiritsidwa ntchito zaka zoposa 10, ndipo Core i3-12100 ya mu 2022 imaposa kutali i7 ya mu 2010 kapena 2011. Nambala yotsatira ndi imene imanena mbadwo wake, i5-2400 ndi ya mu 2011, i5-4570 ya mu 2013, i5-6500 ya mu 2015, choncho choncho. Msampha wachitatu ndi kachilembo kakumapeto. Ikathera ndi U ndi ya laputopu yopangidwa kuti isunge batire, imadya ma watt 15 okha ndipo liwiro lake ndi lochepetsedwa dala. Ikathera ndi T ndi ya timakompyuta ting'onoting'ono tija tonga buku, ya ma watt 35, nayonso ndi yobwezedwa m'mbuyo poyerekeza ndi inzake yopanda chilembo. Ndiye pali malaputopu atsopano otchipa aja okhala ndi Celeron yoyamba ndi N, monga N3060 kapena N4000, kapena Atom. Amawala bwino m'shopu, pulasitiki ikadali pa sikirini, koma ndi amene amabwera pashopu panga eni ake akulira. Polembera kalata ndi abwino, pa magemu olemera ayi.

Ine chimene ndimawauza anyamata nchoti desikitopu ya kaunjika yochokera m'maofesi akunja, Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre yokhala ndi i5 ya mbadwo wachinayi kapena wachisanu ndi chimodzi, ndi yabwino pa geni imeneyi kuposa laputopu yatsopano yotchipa. Maonekedwe ake si osangalatsa, zina zimabwera zitakalika, koma zinapangidwa kuti zizikhala zoyaka tsiku lonse, zipangizo zake zimapezeka, ndipo poti zikakhala mkati mwa bokosi la matabwa palibe mwana amene adzaone kuti ndi yokalika.

Koma musanafike pogula, khalani pansi mulembe kaye magemu amene mukufuna kuika, chifukwa mawu oti arcade akuphatikiza makina osiyana kwambiri. Ngati ndi a 2D okhaokha, Pac-Man, Galaga, Street Fighter II, Final Fight, Metal Slug, King of Fighters '98, amenewa pafupifupi kompyuta iliyonse ya zaka 15 zapitazi imawatha, ngakhale Core 2 Duo, makamaka mukagwiritsa ntchito emuleta ina yotchedwa FinalBurn Neo imene ndi yopepuka pa magemu a Capcom ndi a Neo Geo. Apa musataye ndalama. Zimayamba kulemera mukafika pakati pa zaka za m'ma 1990. Killer Instinct ya mu 1994 inali ndi purosesa ya 100 MHz ndi hadi disiki mkati mwake. Tekken 3 ya mu 1997 ili pa bolodi ya Namco System 12 imene ndi mchimwene wake wa PlayStation yoyamba ija, nde ndi 3D yoti purosesa yanu ijambule yokha. Magemu owombera ndege a kampani ya Cave a m'ma 2000, a pa bolodi ya CV1000, amaoneka ngati a 2D wamba koma ndi olemera zedi. Amenewa ndi amene amafuna core imodzi yamphamvu ija. Ndipo chodabwitsa, magemu ena akale kwambiri a m'ma 1970 monga Pong analibe purosesa nkomwe, anali mawaya ndi tizipangizo tamagetsi basi, nde MAME imachita kuwerengera mmene magetsi akuyendera m'tizipangizo timeneto, moti gemu ya kampira kamodzi ndi timizere tiwiri imatha kulemera kuposa Street Fighter II. Ukale wa gemu si umene umanena kulemera kwake.

Sindikunena kuti graphics card ilibiretu ntchito. Ilipo nthawi yake. Mukafuna magemu a Sega a 3D, monga Virtua Fighter 3 kapena Scud Race a pa bolodi ya Model 3, emuleta imene anthu amagwiritsa ntchito ndi Supermodel ndipo imeneyo zithunzi imazipereka ku graphics card. Marvel vs. Capcom 2 ya mu 2000 ndi Crazy Taxi zili pa bolodi ya NAOMI, imene ndi m'bale wake wa Dreamcast, ndipo Flycast ndi imene imaziyendetsa bwino, nayonso imadalira graphics, ngakhale kuti graphics ya mkati mwa i5 yomweyo nthawi zambiri imakwanira. Ndiye pali makina a arcade a kuyambira cha m'ma 2004 monga Taito Type X amene mkati mwake anali kale kompyuta ya Windows, amenewo amayendetsedwa ndi pulogalamu ya TeknoParrot ndipo apo ndiye graphics card yeniyeni imafunika. Penanso pamene imagwira ntchito ndi pa ma shader, tija timapangitsa sikirini yatsopano kuoneka ngati TV yakale ya chimbuyo, yokhala ndi timizere. Mukaika shader yolemera pa TV ya 4K graphics ya mkati imatha kutopa. Koma onani, zonsezi munthu amazidziwa akalemba kaye magemu ake, osati kuyamba wagula khadi kenako nkumafufuza ntchito yoti igwire.

Za RAM ndi disiki sindichedwapo. RAM ya 4 GB imakwana pa magemu a 2D, 8 GB ndiye mwamaliza, 16 kapena 32 gemu siithamanga nkamodzi komwe. Ngati mukudalira graphics ya mkati, timitengo tiwiri ta 4 GB ndi tabwino kuposa kamodzi ka 8 GB. SSD siithamangitsa gemu ikayamba kale, imangothandiza kuti makina ayake msanga ndi kuti gemu itseguke msanga, komabe ndimailimbikitsa chifukwa bokosi la arcade ana amalimenya ndi kuligwedeza, ndipo hadi disiki yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira mkati siikondwera ndi kugwedezeka kapena kuzima kwa magetsi kwadzidzidzi.

Ena amabwera ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi kamene m'bale wawo wawatumizira kuchokera ku Joni kapena ku UK, ena timabokosi ta Android ta pa TV, ena ma bolodi a ku China otchedwa Pandora's Box olembedwa kuti muli magemu masauzande. Raspberry Pi ine ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chachikulu, imadya magetsi ochepa kwambiri, Pi 4 ya mu 2019 imangofuna 5 volts ndi 3 amps, moti pa sola yaing'ono ndi batire imayenda tsiku lonse pamene desikitopu ikanakhala itazima kale. Kwa munthu wa pa trading centre kumene magetsi ndi ovuta, amene akufuna Neo Geo ndi Street Fighter II basi, imeneyi ndi nzeru. Koma adziwe malire ake. Pi 3 ya mu 2016 anthu ambiri amaiyendetsa ndi MAME yakalekale, ija imatchedwa MAME 2003, chifukwa yatsopano imailemera. Pi 5 ya mu 2023 ndi yamphamvu kuposa zinzakezo, koma mukaphatikiza mtengo wake, chaja yake, fani ndi memory card, mupeza kuti mwafika kapena kupitirira mtengo wa desikitopu ya kaunjika imene ikanatha magemu ambiri. Apa pali vuto lina limene anthu amalinamizira makina. Mafailo a magemu, ma ROM, amayenera kugwirizana ndi mtundu wa MAME imene mwaika. ROM ya MAME yatsopano pa MAME 2003 nthawi zambiri siitseguka, sikirini imangoda nkubwerera pa menyu. Magemu a Neo Geo amafunanso failo ya BIOS, ndipo a hadi disiki monga Killer Instinct amafuna failo ina yaikulu ya CHD. Ndaonapo munthu atagulitsa kompyuta yabwinobwino motchipa poganiza kuti ndi yofooka, pamene vuto linali mafailo.

Tsopano mbali imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi imene ana osewera amaimva m'manja mwawo koma mwini shopu saiganizira, ndi sikirini ndi ndodo. Magemu ambiri a arcade amaonetsa zithunzi pafupifupi 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala ma millisecond pafupifupi 17. Mu gemu yandewu kusiyana kwa zithunzi ziwiri kapena zitatu ndi kumene kumanena ngati watchinga nkhonya kapena wamenyedwa. TV zambiri za flat zimayamba zakongoletsa kaye chithunzi zisanachionetse, ndipo kukongoletsa kumeneko kumadya nthawi. Mukaima pambali pa mnyamata wodziwa Street Fighter muona, akokera ndodo pansi, kutsogolo, nkudina nkhonya, dzanja lake lachita zonse molondola koma Ryu, womenya wake wa mu gemu, pa sikirini akuyankha mochedwa, mnzake wamudumphira kale. Ayesanso kachiwiri, kachitatu, kenako amenya bokosi ndi chikhatho nkunena kuti ndodoyi ndi yakufa. Mwini shopu nkukagula ndodo ina, vuto osatha, nkuyamba kuganiza zogula kompyuta ina. Pamene chofunika chinali kulowa mu menyu ya TV nkuyatsa Game Mode, kapena kungogwiritsa ntchito monita ya kompyuta ya kaunjika, imene nthawi zambiri imayankha msanga kuposa TV yaikulu yotchipa.

Palinso nkhani yoti si magemu onse amene ali pa 60 ndendende. Neo Geo ili pa 59 ndi kachidutswa, R-Type ili pa 55, Mortal Kombat ili cha m'ma 54. Sikirini yanu ikakhala yokhazikika pa 60, emuleta imayenera kusankha, kaya ithamangitse gemu pang'ono kuti igwirizane ndi sikirini, nyimbo nkukwera mawu, kaya isiye gemu pa liwiro lake koma chithunzi chizidumphadumpha kapena kung'ambika pakati. Munthu akaona Mortal Kombat ikuchita zimenezi amati purosesa yalephera, pamene purosesa ili bwino. Mankhwala ake ndi monita yokhala ndi FreeSync kapena G-Sync, imene imasintha liwiro lake kutsatira gemu, koma pamafunikanso graphics yogwirizana nayo. Ndipo chonde musatambasule chithunzi kudzadza TV yonse. Magemu amenewa anapangidwira sikirini ya 4:3, ena monga Pac-Man ndi Galaga sikirini yake inali yoimika chotalika. Mamonita akale a makona anayi aja a 17 kapena 19 inchi amene anthu sakuwafunanso m'maofesi ndi oyenera kwambiri m'bokosi la arcade, ndipo ndi otchipa.

Amene akufuna zenizeni, TV yakale ya chimbuyo ija ndi imene ili pafupi kwambiri ndi sikirini za makina enieni, chifukwa zonse zimayendera 15 kHz ndipo siichedwetsa chithunzi. Street Fighter II ndi ya timadontho 384 kwa 224 basi, pa TV yotere imaoneka yosalala mmene opanga ake anafunira. Ilipo MAME yapadera yotchedwa GroovyMAME yopangidwira zimenezi, ndipo imayenda bwino ndi makhadi akale a ATI kapena AMD Radeon, nde apa khadi yakale yotchipa imaposa yatsopano yodula. Koma si ntchito ya munthu woyamba kumene, pamafunika zolumikizira zoyenera, TV yake ikhale yolandira zithunzi 60 pa sekondi osati 50 yokha, ndipo ndichenjeze kuti mkati mwa TV ya chimbuyo mumakhala magetsi amphamvu oti nkupha munthu ngakhale mutaizula kukhoma. Musaitsegule nokha, pitani nayo kwa okonza ma TV.

Ndodo ndi mabatani zikhale za waya. Ma pad a Bluetooth amaonjezera kuchedwa kwina komanso pa shopu amasowa. Kabolodi ka USB kolumikizira mabatani, kaja amakatcha encoder, nako kamasiyana, kena kamayankha msanga kena ayi. Ndodo za Sanwa ndi Seimitsu za ku Japan ndi zimene zimalimba, zonamizira zake zotchipa ma switch ake amatha msanga ana akamazipotokola tsiku lonse, nde ngati ndalama yatsala ndi bwino ipite kumeneku kusiyana ndi ku RAM yoonjezera. Mu RetroArch, pulogalamu yoyendetsa ma emuleta osiyanasiyana, mulinso chinthu chotchedwa run-ahead chimene chimadula kuchedwa, koma kuti chitero chimayendetsa gemu kawiri kapena kupitirira pa chithunzi chilichonse, nde tabwereranso pomwe paja, pamafunika core yamphamvu yokhala ndi mphamvu yotsala.

Za kutentha ndi fumbi nazo tisaziiwale poti kuno si ku Ulaya kumene makinawa anachokera. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ndiye mupeza gemu m'mawa ikuyenda bwino, ikamafika 2 koloko masana mu Okutobala, m'kashopu ka malata kodzadza ana, iyamba kudodoma. Makina ambiri amene ndimatsegula ndimapeza fumbi litamatirira pa zitsulo zoziziritsira purosesa moti mpweya sukudutsa, fani ikungolira, thermal paste, ija imapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira, itauma gwa nkumanyenyeka ukaikhudza ndi chala. Kupukuta ndi kuika paste yatsopano basi makina amabwerera mwakale, osagula chilichonse chodula. Akalipentala nawonso auzidwe kuti bokosi likhale ndi mabowo, ena pansi olowera mpweya ena pamwamba otulukira, ndi fani imodzi kumbuyo. Ambiri amakhoma bokosi lotsekeka mbali zonse kuti lioneke bwino, kompyuta nkumaphikika mkati. Laputopu m'bokosi lotere ndiye imavutika koposa. Kwa a ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga nkhani imeneyi ndi yoyamba kuiganizira. Ndipo pa magetsi, ka surge protector kapena UPS yaing'ono ndi kotchipa kuposa power supply ndi motherboard zimene zimapsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima.

Pomaliza pa zogula, musakhulupirire mawu a wogulitsa kapena anga omwe, yesani. Ikani MAME pa fulashi pamodzi ndi gemu yolemera kwambiri pa mndandanda wanu, pitani nayo kushopu, pemphani kuti muyese. Gemu ikatseguka dinani F11, pakona pa sikirini paoneka nambala ya peresenti. Ikakhala pa 100 osatsika ndewu ili mkati ndiye kuti makina akukwanitsa, ikamatsikira ku 80 kapena 90 ndi pamene mawu amadukaduka paja. Mukadina F10 mumamasula gemu kuti ithamange mmene makina angathere, ndipo mukaona 200 kapena kuposa ndiye kuti pali mphamvu yotsala yokwanira masiku otentha. Ikangofika 105 kapena 110 musagule, imeneyo ikakuvutani kunyumba. Isiyeni iyende kwa mphindi zingapo kuti itenthe kaye, osati kungoyatsa nkuzimitsa. Wogulitsa wokana kuti muyese, pitani kwa wina. Kwa amene makina ake ndi ochepa mphamvu pang'ono, kuchotsa Windows nkuika Batocera, imene ndi Linux yopangidwira magemu okhaokha ndipo imatha kuyaka kuchokera pa fulashi, kumathandiza chifukwa sipakhala ma update ndi antivirus zolimbirana purosesa ndi gemu.

Ndinenenso poyera kuti magemu amenewa ali ndi eni ake, Capcom, SNK, Bandai Namco, Sega ndi ena akadalipo ndipo ena akugulitsabe magemu awo akale mwalamulo. MAME payokha ndi yaulere koma ma ROM ambiri si aulere, ndipo ochepa amene amapezeka mwaulere pa webusaiti ya MAME analoledwa kuseweredwa pakhomo osati kupangira geni. Amene akutsegula shopu aidziwe mbali imeneyi ndipo afunse kwa odziwa malamulo a zaumwini asanathire ndalama zambiri.

Pempho langa kwa anzanga ogulitsa makompyuta ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kwina konse, kasitomala akanena kuti akufuna ya magemu mufunseni kuti magemu ati, chifukwa ya FIFA ndi ya Metal Slug si imodzi, ndipo lembani nambala yonse ya purosesa pa katundu wanu osati kungoti i5 kapena i7. Kwa inu a Mkonzi, mukanatipatsako kadanga m'nyuzipepala muno kamodzi pa mwezi koti amisiri a makompyuta, a mafoni ndi a sola tiziyankha mafunso a owerenga m'Chichewa, chifukwa zambiri za nkhani zimenezi pa intaneti zili m'Chingerezi ndipo zimalembedwa ndi anthu amene sadziwa fumbi lathu, kutentha kwathu ndi mitengo ya katundu kuno. Ine ndili wokonzeka kumayankha nawo mafunso a mbali ya makompyuta.

Ndine wanu,
Wokonza makompyuta,
Blantyre